Za Nyimbo Imene Inamveka Mwini Wake Ali M'manda

Abale, mwezi uno tifuna kukamba mbiri ya nyimbo ina ya ku America, imene inakondweretsa makamu a anthu m'chaka cha 1997, mwini wake atagona kale m'manda.

Pakati pa anthu akuda a m'mudzi waukulu wa New York panabuka mayimbidwe otchedwa hip hop, m'zaka za m'ma 1970. Woyimba wake satsata maimbidwe onga a m'kwaya, koma alankhula mawu mofulumira, monga mlakatuli, nawayendetsa pamodzi ndi kugunda kwa ng'oma. Mmodzi wa akatswiri ake ndiye Christopher Wallace, amene anthu anamutcha The Notorious B.I.G. Iye anabadwira ku Brooklyn m'chaka cha 1972. Mai wake, wochokera ku Jamaica, anali mphunzitsi wa ana, namlera yekha, pakuti atate wake adachoka mwanayo ali wamng'ono. Pokula mnyamatayo anasiya sukulu, nagulitsa mankhwala ozunguza bongo m'makwalala, kufikira luso lake la mawu linamtulutsamo. Chimbale chake choyamba, cha 1994, anachitcha Ready to Die, ndiko kunena wokonzeka kufa.

Masiku amenewo panauka udani pakati pa oyimba a kum'mawa kwa dzikolo ndi a kumadzulo, nayamba kunyozana m'nyimbo zawo. Tupac Shakur, amene kale anali bwenzi la Wallace, anasanduka mdani wake. Ndipo mu September 1996 anawomberedwa ku Las Vegas, nafa. Itapita miyezi isanu ndi umodzi, pa 9 March 1997, Wallace nayenso anawomberedwa ali m'galimoto usiku ku Los Angeles, pochokera kuphwando. Anafa wa zaka 24, nasiya mkazi ndi ana awiri. Palibe munthu anatsutsidwa pabwalo la milandu chifukwa cha mwazi wake.

Tsono mawu ake anali atajambulidwa kale. Atapita masiku 16, chimbale chake chachiwiri chinatuluka, dzina lake Life After Death, ndilo moyo wa kutsidya kwa imfa. Ndipo dzinalo analisankha iye mwini akali moyo. M'menemo munali nyimbo yotchedwa Mo Money Mo Problems, kutanthauza kuti chuma chikachuluka mavuto achulukanso. Anaiyimba pamodzi ndi anzake awiri, Puff Daddy ndi Mase, ndipo kakomedwe kake anakatenga m'nyimbo ya Diana Ross ya 1980, yosangalatsa ndi yovinika. Kumeneko kuli nyuzi yotchedwa Billboard, imene iwerenga sabata ndi sabata nyimbo zokondedwa koposa. Mu August 1997 nyimboyi inakwera pamwamba pa zonse, nikhalapo masabata awiri. Inzake, Hypnotize, inali itafikapo kale mu May. Chotero Wallace anakhala woyamba kukweza nyimbo ziwiri pamwambapo ali wakufa.

Chimene chitigwira mtima ndi ichi: anthu anavina, ndalama zinalowa zambirimbiri, koma amene anatchula mavuto a chuma sanakhudze ngakhale kobiri limodzi la nyimboyo. Mai wake anatsala ndi chisoni zaka 28, kufikira anamwalira mu 2025. Nanga mwa ovinawo, ndi angati anaima kulingalira dzina la nyimbo imene anali kuvina?

Sitiweruza mnyamatayo, pakuti woweruza alipo mmodzi, ndiye Mulungu. Koma akulu anati, mawu a akuluakulu akoma akagonera. Ndipo ife tiona kuti mawu a munthu aliyense agonera, abwino ndi oipa omwe. Mawu onyoza a oyimba aja anakoleza udani, ndipo amvekabe eni ake atapita. Ifenso, angakhale tilibe makina ojambula mawu, tili nawo ana ndi anansi amene asunga zonena zathu. Tsiku lija adzatinyamula kunka kumanda, kodi mawu athu otsala m'mudzi adzayanjanitsa anthu, kapena adzawayambanitsa? Tiyeni tilingalire zimenezi tikali ndi mpweya.