Kuchokera Kuchikuta Kufika Kuchidikiro: Mbiri ya Kukonzekera Kubereka ku Chintheche

Kale, m'midzi ya Atonga ya m'mbali mwa nyanja ku Chintheche, mimba sinali nkhani yokambirana pabwalo. Mtsikana akaima, oyamba kuzindikira anali amayi akuluakulu a pamudzi, ndipo ndiwo ankamuitanira m'nyumba kukamulanga. Malangizo ake ankagona pa khalidwe. Asadye mazira kuopa kuti mwana angabadwe wopanda tsitsi, asaime pakhomo kuopa kuti mwana angaimenso panjira, ndipo iye ndi mwamuna wake asayende njira zamseri. Matenda akayamba n'kuchedwa kuchira, akuluakulu ankafufuza wolakwa. Mayi ali mkati mwa ululu ankauzidwa kuti aulule amuna amene anayenda nawo, ndipo zikapezeka kuti wozemberayo anali mwamuna, ankati ndi mapinga. Mzamba ankabwera ndi mizu yofulumizitsa matenda, yomwe ambiri amaitchula kuti mwanamphepo. Mwana akabadwa, mayi ankabindikira m'chikuta mpaka mchombo utagwa.

Amayi amenewa sitingawanyoze. Ankadziwa kusisita msana, kuphika phala lopatsa mphamvu, ndi kukhala pambali pa mtsikana wamantha usiku wonse osagona. Chimene chinkawakanika ndi mwana wopingasa ndi magazi okana kuleka. Pamenepo mudzi unkangoyang'ana.

Chipatala chachizungu chinafika msanga kuderali poyerekeza ndi madera ambiri a dziko lino. Mu 1881 amishoni a Livingstonia anasamuka ku Cape Maclear n'kudzakhazikika pa Bandawe, kufupi ndi Chintheche, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, yemwe mu 1876 anali atachita kale opaleshoni pogwiritsa ntchito mankhwala ogonetsa. Komatu udokotala wa nthawi imeneyo unali ndi malire ake pa nkhani ya uchembere. Pa ana onse amene mkazi wake Margaret anabereka, anakula ndi mmodzi yekha, Amelia Nyasa, wobadwa mu 1886. Malungo a m'mbali mwa nyanja sankasankha khungu, ndipo mu 1894 likulu la mishoni linakwera mapiri kupita ku Khondowe. Anthu ankapita kwa amishoni ndi zilonda, maso ndi mano, koma kubereka kunatsala m'manja mwa azamba kwa zaka zambiri.

Sukulu za pa Bandawe zinabala chinthu china chimene chinakhudza uchembere mosayembekezeka. Anyamata odziwa kuwerenga anayamba kupita kukagwira ntchito ku Salisbury, Bulawayo ndi Johannesburg, ena pa okha, ena kudzera ku Wenela. Pamene J. van Velsen ankachita kafukufuku wake pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950, anapeza kuti amuna oposa theka anali kunja nthawi ina iliyonse. Mayi woyembekezera ankakumba yekha chinangwa, kuchiviika, kuchisinja n'kuphika kondowole, mwini mimba ali kumigodi, mwina atasanduka mchona. Wodalirika anali mayi ake, apongozi ndi azakhali.

Boma linayamba kuphunzitsa azamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ankawaphunzitsa kusamba m'manja, kudula mchombo ndi lezala latsopano, ndi kutumiza kuchipatala mayi wooneka kuti zimuvuta. Maganizo ake anali akuti popeza anamwino ndi ochepa, bola kunola amene alipo kale. Mu 1993 Malawi anayamba kupereka Fansidar kwa amayi oyembekezera pofuna kuwateteza ku malungo, chinthu chofunika kwambiri m'boma lamvula ndi udzudzu ngati la Nkhata Bay. Koma ziwerengero zinakana kumvera. Kafukufuku wa zaumoyo wa 1992 anapeza kuti amayi 620 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Mu 2000 chiwerengerocho chinafika pa 1,120, ndipo mu 2004 chinali pa 984. Edzi inali itadya amayi ndi anamwino omwe, ndipo anamwino ena otsala ankapita kukagwira ntchito ku Britain.

Mu 2007 boma linaletsa azamba kubereketsa. Ntchito yawo inatsala yolangiza ndi kuperekeza mayi kuchipatala. Ena anamvera, ena anangosamutsira ntchito kuseri kwa nyumba, kumene vuto likagwa ankaopa kutumiza mayi kuchipatala kuti angagwidwe. Mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika, pochokera ku msonkhano wa United Nations ku New York, ananena kuti azamba asaletsedwe koma aphunzitsidwe, ndipo kwa kanthawi palibe ankadziwa lamulo lenileni. Mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda anakhazikitsa ndondomeko ya Uchembere Wabwino, n'kuika mafumu patsogolo, pakati pawo Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu. Kuyambira pamenepo midzi yambiri inaika chindapusa cha nkhuku, mbuzi kapena ndalama kwa wochirira pakhomo kapena panjira. Chindapusacho chimagwera kwambiri osauka amene anasowa ya galimoto, ndipo n'chovuta kuchiyamikira. Koma n'zoonanso kuti amayi oberekera kuchipatala anachoka pa 55 mwa 100 alionse mu 1992 kufika pa 91 m'kafukufuku wa 2015 ndi 2016, pomwe imfa zija zinatsika kufika pa 439.

Sikelo nayo inasintha nkhope. Mu 2011 Malawi anakhala dziko loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo ka HIV, osadikira kuti chitetezo chitsike. Mayi wopita kusikelo pa Kande, pa Kachere kapena pachipatala cha Chintheche amayezedwa magazi, kuthamanga kwa magazi ndi kagonedwe ka mwana, amalandira neti ndi mapiritsi oonjezera magazi, ndipo namwino amalemba m'buku tsiku loyembekezeka kuchira. Maulendo a kusikelo anali anayi. Kuyambira 2016 bungwe la WHO limalimbikitsa asanu ndi atatu. Tsiku lolembedwa m'buku lija ndilo linasintha zinthu kwambiri. Agogo ankawerenga miyezi poyang'ana kumwamba n'kudikira matenda ayambe. Mdzukulu wawo amauzidwa kuti mwezi wachisanu ndi chinayi ukangokwana, ngati amakhala kutali, anyamuke akakhale kuchidikiro.

Katundu wake amakhala atamumanga kale. M'beseni lapulasitiki mumalowa zitenje zingapo zochapa bwino, chipepala chakuda choyala pabedi, lezala losatsegula, ulusi womangira mchombo, sopo, kachipewa ndi masokosi a mwana, ndi tochi kapena kandulo. Pambali pamakhala thumba la ufa wa kondowole, usipa wouma, poto ndi mtolo wa nkhuni, chifukwa gadiyani, yemwe nthawi zambiri ndi mayi ake kapena apongozi, aziphika yekha kumeneko mwina milungu iwiri kapena itatu. Anamwino amaphunzitsa mndandanda umenewu ngati chizindikiro cha mayi wosamala, ndipo n'zoona. Koma lezala, ulusi ndi kandulo ndi zinthu zimene chipatala chinayenera kukhala nazo chokha. Banja likugula zimene bajeti ya boma yalephera kugula.

Chovuta chenicheni chatsala pa mtunda. Mayi wofunika opaleshoni kapena magazi kuchokera kuchipatala chaching'ono amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha boma la Nkhata Bay, zikakanika ku Mzuzu Central. Wokhala m'mbali mwa msewu wa M5 ali ndi mwayi. Wakumtunda, kutsidya kwa mitsinje ngati Luweya m'nyengo yadzinja, amadalira kabaza, ndipo ambulansi ikasowa mafuta, abale ndiwo amasonkherana.

Amuna, omwe kale sankayandikira n'komwe pakhomo pa chikuta, tsopano akuitanidwa kusikelo kukayezetsa limodzi ndi akazi awo. M'zipatala zambiri wobwera ndi mwamuna amathandizidwa poyamba, ndipo m'madera ena wobwera yekha amafunsidwa kalata ya amfumu yofotokoza kumene kuli bamboyo. Ku Chintheche yankho lake nthawi zambiri limakhala lakalekale lija, lakuti ali ku Joni. Mbali yake ya kukonzekera imafika pafoni: ndalama ya zitenje, ya beseni, ndi ina yosungira wa kabaza amene wavomera kudzuka ngakhale pakati pa usiku.