Mau amodzi, makolo atatu: mbiri yobisala m'Chingerezi

Mwana wa sukulu akatsegula dikishonale yaikulu nkupeza mau oti "bark" atalembedwa katatu, amayesa osindikiza analakwitsa. Poyamba akuti ndi kuuwa kwa galu, pachiwiri ndi khungwa la mtengo, pachitatu ndi chombo choyendera mphepo. Kodi galu, khungwa ndi chombo pali ubale wanji? Palibe ndithu. Awa ndi mau atatu osiyana makolo, amene anangokumana pa chilumba cha Britain nkuyamba kufanana nkhope.

Kuti timvetse, tibwerere m'mbuyo. M'zaka za m'ma 400 mitundu ya Angle ndi Saxon inaoloka nyanja kuchokera kumadera amene lero ndi Germany ndi Denmark. Iwowa ndiwo anabwera ndi mau oti "beorcan", kuuwa kwa galu kuja. M'chaka cha 793 ankhondo a Viking anafunkha nyumba ya amonke pa Lindisfarne, ndipo patapita zaka anzawo anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England. M'chinenero chawo khungwa ankati "börkr". Kenaka mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, Chifalansa nkukhala chinenero cha kunyumba ya mfumu ndi m'makhoti. Khomo limeneli litatseguka, mau a Chifalansa anapitiriza kulowa kwa zaka mazanamazana, ndipo ena mwa iwo ndi "barque", chombo, ochokera ku Chilatini "barca".

Nanga anafanana bwanji? Pakamwa pa anthu mau amaperepeseka ngati mpini wa khasu. Michira ya mau akale inathothoka, ndipo m'mau ambiri "er" anasanduka "ar". Basi, kuuwa kwa galu nkukagwera pamodzi ndi khungwa.

Taonaninso mau oti "match". Machesi timagula pagolosale aja dzina lawo linachokera ku Chifalansa chakale "meiche", chingwe cha nyali kapena kandulo. Dzinali linadzagwera timitengo tokhwecha, timene John Walker anayamba kugulitsa ku Stockton-on-Tees mu 1827. Koma "match" ya mpira ndi ina: gwero lake ndi mau a Saxon oti "gemæcca", mnzako wolingana naye. Matimu awiri akakumana, paja ndi olingana mphamvu amene akuyesana.

Ngakhale "school" ali pawiri. Sukulu yathuyi inachokera ku Chigiriki "skholē", kutanthauza nthawi yopuma, eti, chifukwa wokhala ndi mpata ndiye ankakhala pansi kukambirana nzeru. Koma Mngerezi akamati "school" ya nsomba, amenewo ndi mau a Chidatchi chakale otanthauza gulu. Chimodzimodzi "mint": chitsamba chonunkhira ndi Chilatini "mentha", pomwe malo osulira ndalama ndi "moneta", dzina la kachisi wa Juno Moneta ku Rome kumene ankasulako makobidi.

Ena mwa amene anamasula mfundozi ndi akatswiri a Oxford English Dictionary, motsogozedwa ndi James Murray. Gawo loyamba linatuluka mu 1884, ntchito yonse nkudzatha mu 1928, Murray atamwalira kale mu 1915. Iwo analondola mau alionse m'mabuku akale, ndipo pomwe makolo anasiyana, anawapatsa malo awoawo. Ndicho chifukwa "bark" amaoneka katatu.

Tisawaseke Angerezi, abale. Ifenso tili ndi "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika, ngakhale kuti ife timawasiyanitsa pokweza kapena kutsitsa liwu.

Ambiri mtauni muno timachiopa Chingerezi ngati chinatsika kumwamba chili choyera, mpaka kunyoza Chichewa kuti chimabwereka mau. Koma dikishonale yawo yomwe ikuchitira umboni kuti eni ake anagonjetsedwapo, anabwerekapo, ndipo anasakaniza. Mwana wanu akadzafunsa chifukwa chake "bark" ali patatu, musadzamuuze kuti ndi mmene Chingerezi chilili basi. Mudzamuuze za ma Saxon, ma Viking ndi Afalansa.