Chisoti ndi Nyota za Asilikali a Keyala

Mtsinje wa Likangala uchokera m'phiri la Zomba nukathira m'nyanja ya Chilwa. Midzi ya m'mbali mwake ili pafupi ndi kampu ya asilikali ya Cobbe, ndipo anthu ake anadziwa msanga kuwerenga ulemu wa munthu pa zovala zake za usilikali.

Azungu asanadze, ukulu unkaoneka pa nsalu, mikanda ndi minyanga ya mafumu a Ayao, kapena pa nthenga ndi chishango cha Mngoni. Mu 1891 Harry Johnston anabweretsa asilikali a mtundu wa Sikh kuchokera ku India, nawasankhira zovala za mitundu itatu: zakuda, zachikasu ndi zoyera, kutanthauza Afirika, Amwenye ndi Azungu. Mu 1902 munakhazikitsidwa gulu la King's African Rifles, limene makolo athu analitcha Keyala, ndipo magulu ake oyamba awiri anali a dziko lino.

Msilikali wa Keyala ankavala malaya ndi kabudula wa khaki, nsalu zokulunga m'miyendo, ndi chisoti chachitali chopanda mlomo. Magulu ena ankavala chisoti chofiira, koma a Nyasaland chawo chinali chakuda. Nyota za pamkono zinkanena udindo: ziwiri za kopolo, zitatu za sajeni. Mendulo za pachifuwa zinkanena maulendo: ku Somaliland, ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndi ku Burma mu 1944, kumene ambiri anapita atayamba aphunzira nkhondo ya m'nkhalango pa chisumbu cha Ceylon.

Koma zovala zomwezo zinaonetsanso malire. Kwa zaka zambiri msilikali wakuda ankaguba wopanda nsapato, ndipo ngakhale akalambire m'gululo, sankapitirira udindo wa sajeni meja. Mnyamata wachizungu wongofika kumene ankamlamulira. Mu 1964 Keyala ya kuno inasanduka Malawi Rifles, ndipo mu 1972 Graciano Matewere anakhala Mmalawi woyamba kutsogolera gulu lonse la nkhondo.

Tsono chimene boma linamana, mudzi unadzipatsa wokha. Itatha nkhondo yoyamba, gule wa Beni anafala pakati pa Ayao, monganso Malipenga kwa Atonga. Ovina ankavala ngati asilikali, naguba m'mizere, napatsana maudindo onse, ngakhale aja amene munthu wakuda sankaloledwa kukhala nawo ku kampu. Potero ankasirira Mzungu ndi kumseka nthawi imodzi.

Inu amene mukaphunzitsa ana, musathamangire buku lokha. Funsani ngati m'mudzimo muli banja losunga mendulo kapena chithunzi cha agogo. Ana achione, awerenge nyota, afunse kumene mwini wake anapita ndi chimene anabwera nacho. Akatero adzazindikira kuti mbiri ya dziko lapansi inapita pakhomo pawo.