Zofunda za Zigamba za Abale Athu a ku India

M'nyumba zathu zambiri muli kapulana yakale imene inang'ambika, koma amai safuna kuitaya. Mwina anaibvala pa ukwati, mwina anaberekera mwana wao woyamba. Lero tiwerenga mbiri ya anthu amene amasonkhanitsa nsalu zotere ndi kusoka zofunda. Anthuwa amakhala ku India, tsidya lija la nyanja yaikulu, koma makolo ao anacokera kuno ku Africa. Amachedwa a Siddi.

Anafikako bwanji?

M'caka ca 1510 Apwitikizi analanda mzinda wa Goa, umene uli m'mbali mwa nyanja kumadzulo kwa India. Anausandutsa likulu lao. Mpaka caka ca 1752, dziko lathu la Moçambique nalonso linali kulamulidwa kucokera ku Goa. Zombo zinali kuyenda pakati pa Goa ndi Cilumba ca Moçambique motsata mphepo za panyanja.

Pobwera kuno, zombozo zinali kunyamula mikanda ndi nsalu za thonje zoombedwa ku Gujarat. Nsaluzo zinali kukwera mtsinje wa Zambezi mpaka ku Sena ndi ku Tete. Pobwerera, zombo zinali kutenga minyanga ya njobvu, golide ndi akapolo. Masiku amenewo munthu anali kusinthidwa ndi nsalu.

Ku Goa akapolo anali kugwira nchito m'nyumba za anthu olemera, m'minda ndi padoko. Ena anakana kufera mu ukapolo. Anathawira m'nkhalango zowirira za m'mapiri ochedwa Western Ghats, namanga midzi yao kumeneko. Zidzukulu zao zili komweko mpaka lero, m'boma la Uttara Kannada, m'cigawo ca Karnataka, pafupi ndi matauni a Yellapur, Haliyal ndi Mundgod. Ena ndi Akristu, ena ndi Asilamu, ena ndi Ahindu. Amalankhula Konkani ndi Kannada, zinenero za kumeneko. Zinenero za makolo ao zinaiwalika, koma ng'oma ndi magule sizinathe.

Cofunda cochedwa kawandi

Moyo wa m'nkhalango unali wobvuta. Ambiri anali kugwira ganyu m'minda ya eni malo, ndipo ndalama yogulira bulangete panalibe. Anansi ao Amwenye anali ndi mwambo wosoka zofunda ndi nsalu zakutha. Amai a Siddi anatenga mwambo umenewu, nauonjezera luso lao la kusakaniza mitundu yowala. Cofunda cimeneci amacicha kawandi.

Kasokedwe kake ndi aka. Mai amayamba wasonkhanitsa zobvala zakutha za pabanja pake: malaya a mwamuna wake, diresi la mwana, nsalu ya malemu amai ake. Amazicapa ndi kuzing'amba tizigamba. Kenaka amayala pansi sari yakale. Sari ndi nsalu yaitali imene akazi a ku India amabvala, monga ife tibvalira kapulana. Sari imeneyi ndiyo imakhala maziko a cofunda.

Mai amakhala pansi, natenga singano yaikulu ndi ulusi woyera wokhuthala. Sagwiritsa nchito makina. Sayambira pakati, koma pa ngodya imodzi. Amaika cigamba, kupinda m'mphepete mwake kuti cisayoyoke, ndi kucisoka. Pambali pake amaika cina. Amasoka mozungulira mbali zonse zinai, mzere ndi mzere, kulowera mkati pang'onopang'ono mpaka atafika pakati. Alibe cithunzi coonera. Iye yekha amasankha kuti cofiira cikhale apa, cobiriwira cikhale apo. Cifukwa cake palibe kawandi wofanana ndi mnzake.

Pa ngodya zonse zinai amasokapo kansalu kopindidwa kosongoka. Amakacha phula, ndiko kuti duwa. Kwa iwo, cofunda copanda maluwa amenewa ndi cosatha. Pakati pa cofunda amapacha pamimba. Asanatseke cigamba cotsiriza, amai ambiri amaikamo timbeu ta mpunga, kuti cofunda cidye, cikhalitse, ndiponso kuti wofundayo asasowe cakudya.

Nchito imeneyi imatenga masabata, nthawi zina miyezi, pakuti mai amasoka akabwera kumunda. Kawandi wamng'ono amagonekapo khanda. Wamkulu amayala pansi m'nyengo yotentha, ndipo m'nyengo ya mvula ndi yozizira amafunda. Mwana akafunda angathe kuloza cigamba ndi kunena kuti, "Aka kanali malaya a agogo." Motero banja limene linalibe buku lolembamo maina a anthu ake linali kuwakumbukira pa nsalu.

Masiku a posacedwa

Ulamuliro wa Apwitikizi ku Goa unatha m'caka ca 1961. Koma a Siddi anapitiriza kukhala osauka, ambiri opanda minda yaoyao, ndipo ena anali kuwanyoza cifukwa ca khungu ndi tsitsi lao. M'caka ca 2003 boma la India linawaika m'gulu la mitundu yoyenera kuthandizidwa pa maphunziro ndi pa nchito. M'caka ca 2004 amai ena osoka anapanga bungwe logulitsira limodzi zofunda zao. M'caka ca 2011 zofunda zao zinaonetsedwa ku Schomburg Center, mu mzinda wa New York, ndipo anthu ambiri amene sanamvepo za a Siddi anayamba kuwadziwa.

Anzanga, makolo a amai amenewa anakwezedwa m'zombo alibe kanthu m'manja. Ena a iwo anadutsa pa madoko a dziko lathu lino. Zidzukulu zao zimafunditsa ana ndi kupeza ndalama ndi nsanza zimene wina akadataya kudzala. Ifenso singano tili nayo, ulusi ulipo, ndipo makapulana akutha sasowa m'nyumba. Tisanataye nsalu yakale, tiyambe taiyang'ana bwino.

Tikambirane

1. Kodi a Siddi anafika bwanji ku India?
2. Kodi mai wosoka kawandi amayambira pati, ndipo amamalizira pati?
3. M'mudzi mwathu, nsalu zakutha timacita nazo ciani?