Mbewu za m'minda ya agwape ku North America

Alenje ndi eni malo ku United States amalima timinda toti agwape a mchira woyera azidyamo m'nyengo yozizira, msipu ukasowa. Amafesa kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Okutobala. Akumpoto ndiwo amayamba, poti chisanu chimafika msanga kumeneko.

Mbewu zodalirika ndi oats, tirigu, rye ndi triticale. Agwape amakonda kwambiri masamba anthete a oats, koma mbewuyi imafa kuzizira kukanyanya, choncho imayenera madera akummwera. Rye ndiye wopirira kuposa zonse: amamera ngakhale nthaka itazizira, amakula pamchenga ndi padothi la asidi, ndipo amaphukanso agwape akamudya. Vuto lake ndi loti nyengo yozizira ikatha amakhwima msanga, nyama n'kumusiya. Rye ndi wosiyana ndi ryegrass, udzu wovuta kuuthetsa ukangokhazikika m'munda.

Pa tirigu, mtundu wabwino ndi wopanda ndevu kungala, chifukwa agwape amadyanso njere zake zikacha. Triticale anachokera pokwatitsa tirigu ndi rye. Ambiri amasakaniza mbewuzi ndi clover, ndipo akafesa mbewu imodzi yokha, makilogalamu pafupifupi 110 amakwana hekitala imodzi.