Chule Wapulasitiki pa Namasupuni wa ku Chivero

Munthu akaima ku Willowvale, pakati pa mafakitale ndi nyumba za ku Highfield, Glen Norah ndi Glen View, nyanja saiona. Koma madzi onse ochoka m'dera limeneli, amvula ndi akuda omwe, amatsikira ku Chivero, damu lomwe lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pakati pa mzinda wa Harare. Kumeneko ndiko owedza nsomba ya bass amaponya nyambo yooneka ngati chule. Kuti timvetse chifukwa chake nyamboyi imagwira ntchito pa damuli, tiyambe ndi mbiri ya nsombayo, udzu umene imabisalamo ndi anthu okhala kumtunda kwa mtsinje.

Kwawo kwa bass ndi ku North America. Atsamunda anaifikitsa ku South Africa mu 1928, ndipo mu 1932 inalowa mu Southern Rhodesia. Anaibweretsa kuti azisangalala nayo powedza, chifukwa ikakodwa imalimbana ndi chingwe n'kumadumpha pamwamba pa madzi. Mu 1952 boma linatseka mtsinje wa Hunyani, womwe lero ndi Manyame, kuti mzinda wa Salisbury upeze madzi. Damulo linatchedwa Lake McIlwaine, ndipo dzina la Chivero linabwera pambuyo pa ufulu wa 1980. Mu 1976 anamanganso damu la Darwendale kumunsi kwake, lomwe linadzatchuka ndi bass zikuluzikulu.

M'zaka zomwezo mzinda unkakula ndi thukuta la anthu obwera. Ambiri anali ochokera ku Nyasaland, amene kumudzi ankawatcha matchona akakhalitsa osabwerera. Ankagwira ntchito m'nyumba za azungu, kunjanji ndi m'mafakitale, ndipo mu 1961 kampani ya Ford itatsegula malo olumikizira magalimoto ku Willowvale, ntchito zinachuluka. Ena mwa iwo anakulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ndipo za nsomba ankazidziwa bwino. Komabe kuwedza bass pa bwato la injini kunali masewero a azungu ndi makalabu awo. Wantchito wa ku Highfield akapita kumadzi ankatenga mbedza ndi nyongolotsi, cholinga chili ndiwo za banja.

Mlendo wachitatu ndi namasupuni, udzu womwe Amalawi amaudziwa pa mtsinje wa Shire, pomwe wakhala ukusokoneza makina a magetsi ku Nkula. Unachokera ku South America ngati duwa lokongoletsa, ndipo utalowa m'mitsinje ya Salisbury unafalikira pa damu latsopanolo. Chakudya chake ndi zonyansa za m'tauni. Madzi akuda a m'madera a kumwera kwa Harare amapita ku malo oyeretsera a Firle, kenako mu mtsinje wa Mukuvisi, mpaka ku Chivero. Anthu atachuluka kuposa mphamvu ya malo oyeretserawo, udzu unapeza manyowa osatha. Akuluakulu anayesa kuupopera mankhwala, kuuzula ndi makina, ndi kubweretsa tizilombo toudya, koma umabwererabe.

Apa ndi pamene chule wapulasitiki amalowera. Bass imakonda kubisala pansi pa udzu woyandama, kudikira kamsomba kapena chule weniweni. Nyambo wamba ikaponyedwa pamenepo imakola udzu nthawi yomweyo. Amisiri a ku America anapanga nyambo yofewa, yamphako m'kati, yokhala ndi mbedza ziwiri zoloza kumwamba ndi zogona pa msana pake. Imayandama n'kumatsetsereka pa masamba osakola kanthu. Nsomba ikailuma, thupi lofewalo limafinyika ndipo mbedza zimatulukira.

Posankha, wodziwa amayang'ana pamimba pa chuleyo, chifukwa nsomba imamuona kuchokera pansi. Mimba yoyera kapena yakuda ndi imene ambiri amayambira. Wamphuno yosongoka amadutsa bwino mu udzu wothithikana, pomwe wakukamwa kolowa ngati chikho amathovola madzi ndipo amayenera pamipata yopanda udzu. Chingwe chiyenera kukhala choluka ndi cholimba, chotha kudula mapesi ndi kukoka nsomba pamodzi ndi mtolo wa udzu. Nthawi yabwino ndi mbandakucha ndi madzulo. Chovuta kwambiri ndi kudekha. Madzi akaphulika, dzanja limafuna kukoka pomwepo, ndipo nyambo imathawa m'kamwa mwa nsomba. Wozolowera amadikira kufikira atamva kulemera kwake pa chingwe.

Lero zidzukulu za matchona, zolankhula Chishona pamsewu ndi Chichewa pang'ono kwa agogo, zikhoza kugula nyambo imeneyi ndi kuwedza pamalo omwe makolo awo ankangoonera patali. Koma damu lomwe alilandira ndi lodwala. Madzi akumwa a Harare amatungidwa ku Chivero komweko n'kuyeretsedwa ku Morton Jaffray, choncho zomwe mzinda umataya zimabwerera kumpopi. Mu 2008 ndi 2009 kolera inapha anthu oposa 4,000 m'dziko la Zimbabwe, ndipo Budiriro ndi Glen View anali m'gulu la madera omwe anavutika kwambiri. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi, mbidzi ndi nyama zina zinafa zitamwa madzi a damuli omwe anadzaza ndere zapoizoni, nsomba zambiri zinayandama zakufa, ndipo bungwe la ZimParks linaletsa kuwedza.

Udzu womwe umabisa bass ndi kupatsa chule wapulasitiki ntchito umamera pa zonyansa zomwezo zimene zinachititsa chiletsocho. Mnyamata wa ku Glen Norah akhoza kuphunzira kuponya nyamboyi m'masabata ochepa. Kuti mwana wake adzapeze nsomba yoiponyera, pafunika kukonza mapaipi ophulika m'makomboni ndi makina a ku Firle.