Cipeso, mphezi ndi singano: magetsi osayenda ndi maginito

Cipeso ca pulasitiki cimanyamula tizidutswa ta pepala popanda ulimbo. Maginito a m'sipika ya wailesi yakale amakoka msomali musanaugunditse. Mphezi imang'amba mtengo pakati. Zitatuzi zikuoneka zotalikirana, koma zonse zimayendera lamulo limodzi lalifupi: zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana. Mukaligwira lamuloli, phunziro la Física pa mutu uno lipepuka, komanso mudziwa kothawira mvula ya mabingu ikakupezani kumunda.

Magetsi ali m'cinthu ciliconse

Madzi, nsalu, mwala, ngakhale thupi lanu, zonse zinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono tochedwa maatomu. Pakati pa atomu pali mapulotoni, ndipo kunja kwake kuli maelekitironi. Mapulotoni ali ndi magetsi a mtundu wa pozitivu, amene timalemba +. Maelekitironi ali ndi a mtundu wa negativu, amene timalemba −. Kawirikawiri awiriwa amakhala ofanana kuculuka, ndiye cinthuco cimangokhala phee, osakoka kanthu.

Zinthu ziwiri zikakwecana, maelekitironi ena amasamuka kucoka pa cina kupita pa cinzake. Mapulotoni sasamuka ayi. Cimene calandira maelekitironi cimakhala negativu, cimene cataya cimakhala pozitivu. Dziwani kuti apa palibe magetsi atsopano amene apangidwa. Zili ngati mbuzi zocoka m'khola lina kulowa m'khola la pafupi: khola lina ladzaza, lina lacepa, koma mbuzi za m'mudzimo ndi zomwe zija.

Mu mkuwa ndi m'citsulo maelekitironi amayenda momasuka, n'cifukwa cake waya wa magetsi amapangidwa ndi mkuwa. Pa pulasitiki, galasi ndi labala sayenda. Amangounjikana pomwe afikirapo. Awa ndiwo magetsi osayenda, amene buku lanu la kusukulu limawachula m'Cipwitikizi kuti electricidade estática.

Anthu anayamba kale kuziona zimenezi. Zaka pafupifupi 600 Yesu asanabadwe, Agiriki, mmodzi mwa iwo Thales wa ku Miletus, ankadziwa kuti utomoni wouma wa mitengo yakalekale ukatikitidwa umakoka tinthu topepuka. Utomoniwo ankaucha elektron, ndipo m'menemo ndi mmene munacokera dzina la elekitironi.

Yesani nokha

Pesani tsitsi louma kangapo ndi cipeso ca pulasitiki, kenako ciyandikizeni ku tizidutswa ta pepala. Tidumpha n'kumatirira. Mwina mufunsa kuti, nanga pepalalo silinakwecedwe, likukokedwa bwanji? Cipeso cili negativu, ndiye cimakankhira magetsi a negativu a m'pepala kumbali yakutali. Mbali yapafupi imatsala ili pozitivu, basi n'kukokana.

Kuti muone kukankhana, dulani timizere tiwiri ta thumba la pulasitiki. Tigwireni pamodzi kumwamba, mutipulule ndi zala zouma kangapo. Kumunsi titasukana, cifukwa tonse tatenga magetsi a mtundu umodzi.

Mphamvuyi imacepa msanga zinthu zikatalikirana. Mu 1785 Charles-Augustin de Coulomb wa ku France anaonetsa kuti mtunda ukawirikizidwa kawiri, mphamvu imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndiye cipeso canu ciyandikizeni ndithu.

Zoyesazi zimatheka bwino m'nyengo youma, monga Juni, Julayi ndi Ogasiti. Ndi nthawi yomweyo imene juzi imathetheka mukamavula mumdima. M'dzinja zimavuta, cifukwa cinyezi cimapatsa magetsiwo njira yothawira.

Mphezi ndi kuthetheka komweko, koma kwakukulu

M'mtambo wa mvula ya mabingu, mphepo imakweza ndi kutsitsa timadzi toundana ndi matalala. Zimenezi zikamagundana, maelekitironi amasamuka monga pa cipeso paja. Kumunsi kwa mtambo kumakhala negativu, kumwamba pozitivu. Nthaka ya pansi pa mtambowo imasanduka pozitivu, monga mbali yapafupi ya pepala lija. Kukokanako kukakula kwambiri, magetsi amaboola mpweya n'kudumpha. Imeneyo ndiyo mphezi. Mpweya umene yadutsamo umatentha mpaka madigiri pafupifupi 30,000, n'kufufuma mwadzidzidzi, ndipo phokoso lakelo ndilo bingu.

Kuwala kumatifika nthawi yomweyo, koma phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Mukaona cing'aning'ani, werengani masekondi mpaka mumve bingu. Masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Koma musadzinamize ndi masamuwa: ngati bingu mukulimva, mphezi ikhoza kukufikani.

Mphezi imakonda cinthu cimene catalika kuposa zinzake pamalopo, cifukwa ndico cayandikira mtambo. Benjamin Franklin, amene mu 1752 anaonetsa kuti mphezi ndi magetsi, anapanga ndodo yacitsulo yoimika pamwamba pa nyumba, yolumikizidwa ndi waya wolowa m'nthaka. Mphezi imatsata wayayo m'malo modutsa m'nyumba. Pa Cipwitikizi amati pára-raios.

Tsono mabingu akayamba, citani izi:

1. Musabisale pansi pa mtengo, makamaka woima wokha.
2. Cokani kumunda, kudimba, pabwalo la mpira ndi pamwamba pa phiri. Khasu lisiyeni.
3. Ngati muli pabwato kapena mukucapa kumtsinje, tulukani m'madzi.
4. Lowani m'nyumba yolimba kapena m'galimoto yotseka ya denga lacitsulo. Cisakasa ndi khonde siziteteza.
5. M'nyumbamo musagwire waya kapena foni imene ili pa magetsi.
6. Dikirani mphindi 30 kucokera pa bingu lomaliza musanatulukenso.

Ena amati mphezi imatsata zovala zofiira, ena amati imacita kutumizidwa ndi munthu. Magetsi saona mtundu wa malaya ndipo sadziwa dzina la munthu. Amangofuna njira yofikira pansi. Mawu otere amadanitsa abale pa maliro, pomwe cimene cinapha munthu ndi malo amene anaima. Cinanso cofunika: munthu woombedwa ndi mphezi sasunga magetsi m'thupi. Mugwireni osaopa, onani ngati akupuma, ndipo thamangirani naye kucipatala.

Ngakhale kuthetheka kwakung'ono kuli ndi ngozi yake pafupi ndi petulo, cifukwa nthunzi yake siicedwa kuyaka. Pothira petulo m'cigubu, citsitseni pa njinga yamoto kapena pa galimoto, cikhale pansi.

Maginito

Maginito, amene buku limati íman, amakoka citsulo, nikelo ndi kobati. Sakoka mkuwa, aluminiyamu, mtengo kapena pulasitiki. Yesani msomali ndi poto wa aluminiyamu, muona kusiyana.

Maginito alionse ali ndi nsonga ziwiri, ya kumpoto ndi ya kumwera, ndipo mphamvu imaculuka pa nsongazo. Lamulo lija labweranso: nsonga zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana. Koma pali kusiyana kumodzi kumene muyenera kukumbukira pa mayeso. Cinthu cikhoza kukhala pozitivu yekha kapena negativu yekha, pomwe nsonga ya maginito siikhala yokha. Mukathyola maginito pakati, mupeza maginito awiri, alionse ali ndi nsonga zake ziwiri.

Malo ozungulira maginito, kumene mphamvu yake imafika, mukhoza kuwaona. Pemphani fumbi lacitsulo kwa owocherera zitsulo, muliwaze pa pepala limene mwaika pamwamba pa maginito. Fumbilo lidzindanda m'mizere yokhota, yocoka pa nsonga ina kupita pa inzake.

Dziko lapansi nalo ndi maginito aakulu, monga analembera William Gilbert wa ku England mu 1600. Tengani singano, muipulule ndi nsonga imodzi ya maginito maulendo 30, kulowera mbali imodzi yokha. Ikani singanoyo pa katsamba koyandama m'mbale ya madzi, kutali ndi zitsulo. Itembenuka mpaka mbali ina italoza kumpoto, ina kumwera. Mwapanga kampasi, imene pa Cipwitikizi ndi bússola.

Pamene ziwirizi zimakumana

Kwa nthawi yaitali anthu ankayesa magetsi ndi maginito ndi zinthu zosakhudzana. Mu 1820 Hans Christian Ørsted wa ku Denmark anaona singano ya kampasi ikugwedezeka pamene magetsi ankayenda mu waya wapafupi. Ndiye kuti magetsi oyenda amapanga mphamvu ya maginito. Kulungani waya wokutidwa kuzungulira msomali maulendo ambiri, mulumikize nsonga zake ku batire la toci kwa kanthawi kocepa. Msomaliwo unyamula mapini. Izi citani ndi batire lokha, osati magetsi a pakhoma.

Mu 1831 Michael Faraday anapeza mbali inayo: maginito akamayenda pafupi ndi waya wokulungidwa, magetsi amayamba kuyenda mu wayayo. Kadayinamo ka nyale ya njinga kamagwira nchito motero. Ku Cahora Bassa, pafupi ndi Songo m'cigawo ca Tete, ndi cimodzimodzi. Madzi a Zambezi amazunguza makina asanu, alionse a mamegawati 415, ndipo m'kati mwake maginito akuluakulu amazungulira pafupi ndi mawaya a mkuwa. Onse pamodzi amatulutsa mamegawati 2,075.

Dziyeseni

1. Cipeso cikakhala negativu mutapesa, tsitsi lakhala ciyani?
2. Mwawerenga masekondi 6 pakati pa cing'aning'ani ndi bingu. Mphezi yagwa pa mtunda wotani, nanga inu mucite ciyani?
3. Nsonga ya kumpoto ya singano imakokedwa kulowera kumpoto kwa dziko. Potsata lamulo lija, kumeneko kuli nsonga ya maginito ya mtundu uti?